Mutu 6: Mabulawuni a Tsiku la Esnart

1. Dzanja la Nambewe

Sabata imene Esnart ankayembekezera kulandira Ukalistia woyamba, amayi ake, Nambewe, adagwa pa kabaza pochokera kumsika wa Namitete. Njinga idaterereka pamchenga, iwo n'kufikira dzanja lamanja. Kuchipatala adawamanga chikhakha kuyambira m'zala mpaka pachigongono.

Nkhaniyi idadetsa nkhawa mphakati wonse. Chaka chilichonse, ana akalandira Ukalistia woyamba, mabanja a mumphakatimo ankawakonzera kaphwando pambuyo pa Misa. Ena ankabweretsa thobwa, ena mpunga, koma keke inali ya Nambewe basi. Amayi anzawo anali atasonkha kale fulawa, shuga, majarini ndi mazira n'kukatula kunyumba kwawo.

Mazirawo adapezeka movutikira. Chitopa chinali chitangodutsa kumene, ndipo makola ambiri pamudzipo anali pululu.

Loweruka m'mawa kudafika a Judith, mlongo wawo wa bambo a pakhomopo. Iwo ndiwo anali wapampando wa amayi a mumphakati. Bambowo, a Rabson, anali adakali ku Kanengo kudikira kuti fodya wawo alowe pamsika.

"Alamu, dzanjalo lagona bwanji?" adafunsa a Judith.

"Likuwawabe, ndipo zalazi zikuoneka ngati zatupa," adayankha Nambewe.

"Pepani. Ine ndabwera kudzatenga zinthu zija. Mawa si kale. Tingokazinga mandasi, ana adye."

Talandira, mkulu wake wa Esnart, ankasesa pabwalo. Anali mtsikana wa Fomu 3, wosalankhulalankhula. Adagoneka tsache pansi, nadzagwada pafupi ndi mkeka.

"Azakhali, ndiloleni ndiphike ndine."

"Uphike chiyani? Keke ya amayi ako?"

"Ayi. Mabulawuni."

"Mabu chiyani?"

Talandira adafotokoza kuti mabulawuni ndi keke ya chokoleti yosafufuma, youma pamwamba koma yofewa m'kati, ndipo amaidula timagawo tating'ono. Adati adaphunzira kukalabu ya zophikaphika kusukulu kwawo. Mphunzitsi wa kalabuyo, Madamu Rosemary, adamupatsa chitini cha koko chimene chidatsala potsekera teremu.

A Judith adakonza chitenje, nakhala bwino.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Zinthu zili m'nyumbamo si za amayi ako, si zanga. Ndi za anthu. Dzira lililonse lili mmenemo wina anamana mwana wake kuti lifike kuno. Kusukulu mumaphika ndi uvuni wamagetsi, mphunzitsi ali pambali panu. Kuno magetsi ali kuti? Ine sindikana kuti mwana aphunzire zatsopano, iyayi. Koma zatsopano amayesera pa zake, osati pa za gulu. Ukawononga, mawa ana aja adzakhala akuyang'ana mbale yopanda kanthu, ndipo anthu sadzanena kuti Talandira walephera. Adzati banja la Rabson ladya zosonkha. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Wandimva kodi?"

"Ndamva, azakhali. Koma Esnart wakhala akuuza anzake kuti kudzakhala keke ya kwathu. Ndikufuna adzaidye."

Nambewe adayang'ana mwana wawo, kenako adatembenukira kwa a Judith.

"Msiyeni ayese, alamu. Manja anga lero ndi iyeyu."

A Judith adadzuka. "Chabwino. Ine ndanena."

2. Fungo la koko

Dzuwa litakwera pang'ono, Nambewe adanyamuka kukaonetsa zala zotupazo kuchipatala. Esnart naye adapita kutchalitchi kukalapa ndi kukayeserera mwambo wa mawa. Talandira adatsala yekha.

Adayamba ndi mtedza. Adaukazinga mumchenga pachiwaya, monga amayi ake ankachitira ndi mtedza wokagulitsa. Adaufikisa m'manja, kuupeta, n'kuuphwanya pang'ono mumtondo.

Kenako adasungunula majarini, nawathira m'beseni. Adathiramo shuga n'kutakasa. Atatsegula chitini cha koko, fungo lake lidadzaza kakhitchini konse. Adasweramo mazira onse limodzilimodzi, natakasa mpaka phalalo lidayamba kunyezimira. Pomaliza adathira fulawa wochepa, kamchere ndi mtedza uja. Soda sadathire. Madamu Rosemary adawauza kuti mabulawuni safuna kufufuma, ndiponso fulawa akalowa, mthiko usachedwemo.

Mpaka apa zonse zidayenda monga zidayendera kusukulu.

Adapaka mafuta sefuliya ya amayi ake, nathiramo phalalo. Adaiteleka pambaula, kuvundikira, n'kuwunjika makala amoto pachivundikiro. Pofuna kuti amayi ake adzapeze zonse zatheka, adawonjezera makala n'kukupiza.

Sipadapite nthawi, fungo lidasintha.

3. Nzeru za Chancy

Talandira adaphula sefuliya msangamsanga, natsegula. Utsi udamulowa m'maso. Pamwamba panali patauma gwa. Pansi panali patapserera. Atabaya ndi mpeni pakati, mudatuluka phala losapsa.

Adakhala pansi, sefuliya ili pakati pa miyendo.

Nthawi yomweyo belu la njinga lidalira pabwalo. Anali Chancy, mwana wa a Judith, amene ankapalasa kabaza pasiteji ya Namitete. Iye ndi Talandira ankaserewulana kwambiri pachisuweni.

"Msuweni, mwayamba liti kuwotcha makala m'khitchini?" adafunsa uku akusuzumira.

Talandira sadaseke.

Chancy adaona kuti zinthu zavuta. Adanjuta, natenga mpeni, n'kupala pansi pa chidutswa chimodzi.

"Iwe, ukudandaula chiyani? Chokoleti n'chakuda kale. Chopserera nachonso n'chakuda. Adziwe ndani? Pala pansipa, phala lapakatilo ulitaye, zotsalazi uwaze shuga pamwamba. Pamudzi pano alipo anadyapo mabulawuni? Ukawauza kuti amakoma choncho, akhulupirira. Mwinanso aziti n'zachizungu."

"Talawa," adatero Talandira.

Chancy adaponya kachidutswa m'kamwa. Adatafuna kawiri, nkhope n'kukwinyika.

"Akuwawa pang'ono. Koma ana amadya chilichonse."

"Ndiye Esnart adye zimenezi mawa?"

"Nanga ukufuna amayi anga adziwe? Ukuwadziwa bwino. Akalipa mpaka dzuwa kulowa."

Talandira adayang'ana pansi. Pambali pake panali chiwaya chija cha mchenga, chidakali chofunda. Adapisamo dzanja, nafumbata mchengawo.

"Chancy, n'chifukwa chiyani mtedza wokazinga mumchenga supserera?"

"Kaya. Ine ndimangodya."

"Moto suukhudza. Umatenthetsa mchenga, mchengawo ndiwo uwotcha mtedza pang'onopang'ono." Adadzambatuka. "Mphika waukulu uja wa mphakati uli kwanu, eti?"

"Uli kwathu. Koma kuti uutenge, uyenera kuonana ndi eni ake."

Talandira adadula chidutswa chopserera kwambiri, nachikulunga m'pepala.

"Tiye. Undikweze."

4. Kwa azakhali

Adawapeza a Judith akusefa thobwa kuseri kwa nyumba. Talandira adagwada, natambasula pepala lija patsogolo pawo.

"Azakhali, ndapsereza. Mazira a anthu atha onse."

A Judith adayang'ana chidutswacho, kenako adayang'ana mtsikanayo. Adanyema pang'ono n'kulawa, nalavulira kumbali.

"Si ndinanena?"

"Munanena."

"Ndiye wabwera kudzatani?"

"Ndabwera kudzabwereka mphika waukulu. Ndikufuna ndiphikenso. Fulawa, shuga, majarini ndi koko zatsalako. Ndadziwa pamene ndinalakwitsa."

Chancy, ataima patali, adati, "Ine ndimamuuza kuti angopala n'kuwaza shuga, koma wakana."

A Judith adatembenuka ngati alumidwa ndi mavu.

"Iwe, khala chete, ndipo umve bwino. Chakudya chimalowa m'mimba mwa munthu. Amene wakulandira chakudya m'manja wakukhulupirira ndi moyo wake. Lero ubisa chopserera ndi shuga. Mawa ubisa nyama yowola ndi tsabola. Mkuja uthira madzi mumkaka. Anthu oterowo sanayambe ndi zazikulu ayi, anayamba ndi kuti 'adziwe ndani?' Ndipo ana amene ukuti amadya chilichonsewo ndiwo sabisa. Wamkulu ameza n'kumwetulira, koma mwana alavula pamaso pa alendo. Nawenso pakabaza pakopo, tsiku limene udzabise kuti mabuleki sakugwira, udzapha munthu."

Chancy adakanda m'mutu, nayamba kuyang'ana matayala a njinga yake.

Atatero, a Judith adatembenukira kwa Talandira.

"Iwe wandikwiyitsa, sindikubisira. Unathamangira moto, ndipo kuthamanga si kufika. Koma wabwera wekha ndi mlandu wako m'manja, sunadikire kuti ndikaumve kwa ena. Mphika tenga. Koma mazira ndilibe, ndipo sindingapitenso kukagogoda m'makomo mwa anthu. Ukalephera kachiwiri, mawa udzaima wekha pamaso pa amayi aja n'kufotokoza."

"Ndidzaima, azakhali."

Adamanga mphikawo pakaliyala. Chancy adakankha njinga, Talandira akugwirira kumbuyo. Podutsa pamene a Eliya, oyandikana nawo nyumba, ankamanga khitchini, adapempha ndowa ya mchenga wa kudambo, ndipo a Eliya adawapatsa.

5. Mazira a Nangwale

Atafika kunyumba adapeza Nambewe atabwerako. Kuchipatala anali atawamasulira chikhakha pang'ono, ndipo ankaoneka opepukidwa. Sefuliya yopserera anali ataiona kale.

Talandira adafotokoza zonse. Atamaliza, adalunjika kukakhola kakumbuyo kwa khitchini.

M'kakholamo munali Nangwale, thadzi lake lamawangamawanga. Adapatsidwa ndi amalume ake atakhoza mayeso a Fomu 2, ndipo ndi nkhuku yokhayo imene idapulumuka chitopa pakhomopo. Inali itaikira mazira asanu, koma isanayambe kufungatira. Pakhomopo aliyense ankadziwa kuti anapiye ake ndiwo adzagulire Talandira nsapato zasukulu, pakuti zimene ankavala zinali zitayasama kutsogolo.

Adatuluka ndi mazirawo m'mbale.

"Bwera kuno kaye," adaitana Nambewe.

Talandira adagwada, mbale ili m'manja.

"Mazirawo ndi ako. Palibe angakuletse, ndiponso palibe angakukakamize. Koma ndikufuna uganize usanaswe, chifukwa dzira likasweka silibwerera m'chikamba. Ukawaswa lero, teremu ikubwerayi upita kusukulu ndi nsapato zomwezija. Anzako adzakuseka. M'mawa wa Juni mame adzakulowa m'zala. Tsiku limenelo sindikufuna kudzamva kuti 'n'chifukwa cha Esnart,' kapena 'n'chifukwa cha dzanja la amayi.' Mphatso yotsatiridwa ndi madandaulo imasanduka chitonzo kwa amene waidya. Ngati mtima wako sukufuna, bweza mazirawo. Tikauza azakhali ako kuti zakanika, manyazi tigawana tonse, ndipo sitifa nawo. Koma ngati ukupereka, upereke n'kuiwala."

Talandira adayang'ana mazira aja. Nangwale ankatetera kuseri kwa khitchini.

"Ndinaswa mazira a anthu, amayi. Ndibweza ndi anga. Nangwale adzaikiranso."

Adatenga limodzi n'kukalibwezera m'chisa kuti nkhukuyo isasiye kuikirapo. Anayi otsalawo adalowa nawo m'khitchini.

6. Moto wachiwiri

Ulendo uno sadapupulume. Adathira mchenga pansi pa mphika waukulu, naufalitsa bwino. Adauteleka pambaula, kuvundikira, n'kuusiya kuti utenthe uku iye akusakaniza.

Majarini otsala anali ochepa, choncho adawonjezera mafuta ophikira pang'ono. Koko adamukokota mpaka chitini chidayera. Mtedza adakazinga wina.

Phalalo adalithira m'thireyi yamalata imene amayi ake ankayalapo zigumu kumsika. Adaipaka mafuta n'kuwazamo kafulawa. Adatsegula mphika, nalowetsa dzanja osakhudza mchenga. Kutentha kwake kudamukumbutsa uvuni wa kusukulu. Adakhazika thireyi pamchengapo, navundikira, n'kuika makala owerengeka pachivundikiro.

Chancy adatenga chikupizo.

"Usakupize!" adatero Talandira.

"Nanga zipsa chaka chino?"

"Zipsa. Ngati uli ndi changu, pita kusiteji."

Chancy sadapite. Adakhala pamtondo n'kumaimba kamluzu.

Nambewe adakhala pakhomo la khitchini. Kamodzi kokha adanunkhiza m'mwamba, nati, "Chotsako makala awiri pansipo." Talandira adachotsa.

Kudikira kudatalika. Mphepo yozizira idayamba kuwomba, mithunzi ya mibawa n'kufika pakhonde. Kawiri konse Talandira adatambasula dzanja kuti atsegule, koma adalibweza. Fungo lidayamba kutuluka pang'onopang'ono, lokoma, lopanda utsi.

Atatsegula, pamwamba panali patachita kakhungu kopyapyala kong'alukang'aluka. Adabaya pakati ndi kamtengo koyera. Kadatuluka ndi tinyenyeswa tonyowa, osati phala.

"Sanapse," adatero Chancy. "Taona kamtengoko."

"Apsa. Kakatuluka kouma ndiye kuti wapyoletsa."

Adaphula thireyi ndi nsanza, naiika pawindo kuti izizire. Mbali imodzi, imene idayandikira khoma la mphika, inali itauma kwambiri. Itazizira, Talandira adaidula mbaliyo n'kuigawa panayi, pakuti Esnart anali atangofika kuchokera kutchalitchi.

Esnart adaluma, natseka maso.

"Achemwali, mwaphika ndinu zoona?"

"Ndine. Koma zimenezo n'zam'mbali. Zenizeni udya mawa."

Nambewe adatafuna pang'onopang'ono. "Shuga wachulukirapo," adatero. "Koma apsa bwino."

Chancy adanyambita zala, nafunsa ngati panalinso mbali ina youma.

7. Mlendo wa galimoto yoyera

Lamulungu, Misa itatha, mphakati udasonkhana pansi pa mitengo kuseri kwa tchalitchi. Ana olandira Ukalistia adakhala pabenchi atavala zoyera. Esnart anali pakati, kandulo ili m'manja.

Mabulawuni sanali ambiri. Talandira adawadula tating'ono kuti mwana aliyense alandire, ndipo totsala tidapita kwa akuluakulu. A Judith ndiwo adanyamula mbale. Asanagawe, adaomba m'manja.

"Amayi anzanga, mazira amene munasonkha anapserera dzulo. Mwanayu anabwera yekha kudzandiuza. Amene mudye muno ndi a nkhuku yake. Ndati mudziwe."

Amayi ena adang'ung'udza. Mmodzi adati akadangokazinga mandasi, bwenzi aliyense atakhuta. Koma ana atangoluma, phokoso lidasintha. Ena ankadya pang'onopang'ono kuti asathe msanga. Kamtsikana kena kadakulunga theka m'kansalu kuti kakaonetse abambo ake kunyumba. Esnart ankauza aliyense woyandikana naye kuti, "Aphika ndi achemwali anga."

Pakati pa alendo panali mayi wina wovala zodula, amene adabwera pa galimoto yoyera kuchokera ku Lilongwe. Anali azakhali a mmodzi wa anawo, ndipo anthu ankawatchula kuti Mayi Masautso. Adadya kagawo kawo, napempha kena kwa a Judith, koma mbale inali itayera.

Anthu atayamba kubalalika, mayiwo adapita pamene Talandira ankatsuka makapu a thobwa. Nambewe anali atakhala pambali pake.

"Ndiwe waphika zija?"

"Ndine, mayi."

"Uvuni wake uti?"

"Mphika ndi mchenga."

Mayi Masautso adaseka, nagwira pakamwa. "Ine ndili ndi malo ogulitsira tiyi ndi makeke m'tauni. Atsikana anga ali ndi uvuni wamagetsi, koma zotere sanandiphikirepo. Uli kalasi yanji?"

"Fomu 3."

"Fomu 3," adabwereza mayiwo. "Ndili ndi a Fomu 4 ambiri amene amabwera kudzapempha ntchito yotsuka mbale. Iwe uli ndi luso m'manja, ukudikiranso chiyani?" Adatembenukira kwa Nambewe. "Mayi, ndipatseni mwanayu. Azigona kwanga, azidya kwanga, ndimuveka, ndipo mwezi ukatha muziona kenakake pakhomo. Zasukulu tidzaziona m'tsogolo."

Talandira adasiya kutsuka. Madzi ankadontha m'kapu imene adagwira.

"Bambo ake kulibe," adatero Nambewe motsitsa mawu. "Nkhani yotere sindingayankhe ndekha."

"Muwaimbire foni," adatero Mayi Masautso uku akutulutsa makiyi m'chikwama. "Lachitatu ndidutsanso pano pochokera ku Mchinji. Ngati mwalola, ndidzamupeze pasiteji ndi chikwama chake. Ndikapanda kumupeza, nditenga wina."

Adalowa m'galimoto, natsitsa galasi.

"Talandira, eti? Uganize bwino, mwanawe. Lachitatu."